Apongozi M'boti, Amalume pa Mbalame

Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti kukwera boti pa Zambezi ndi kupumula, ndimangomuyang'ana. Kupumula kwa ndani? Ine pa madzi amenewo ndagwirapo ntchito zaka zambiri. Ndanyamula makileti, ndakolopa pamene alendo asanzapo, ndakoka zingwe mpaka zikhato kuuma gwa. Koma palibe tsiku limene ndinatopa ngati tsiku lija anandiuza kuti ndikhale pansi ndipumule.

Dikirani, ndiyambe bwino. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndikamafotokoza chinthu ndimakonda kuyambira pakati.

Zinali zaka zija mafakitale a mu Livingstone ankatsekedwa motsatizana, boma litangosintha. Ine ndinkagwira ku fakitale ya nsalu. Ndinali ndi mkazi, mwana mmodzi wakhanda, ndi chipinda cha lendi ku Maramba. Tsiku lina tinapeza geti yokhoma, atamatapo pepala. Anzanga anapita kunyumba kukanena. Ine sindinanene. Musandifunse chifukwa chake, inenso ndadzifunsa kambirimbiri. Ndinkaganiza kuti pa sabata imodzi ndipeza ina, ndiye ndidzanena zonse ziwiri pamodzi, yoipa ndi yabwino. Sabata ija inasanduka miyezi iwiri. M'mawa uliwonse mkazi wanga ankadzuka kusanache, n'kuphika mbatata kapena mpunga, n'kundiikira m'chitini changa cha ku ntchito. Ine n'kunyamula chitini, n'kutsanzika bwinobwino, n'kupita kukakhala pansi pa mitengo ya mango kufupi ndi siteshoni ya sitima. Kumeneko ndi kumene mayi wina wa ku tchalitchi kwathu anandipeza ndili mtulo pa benchi, chitini chili pamimba.

Mkazi wanga sanakuwe. Anangobereka mwana, n'kumanga zovala m'chitenje. Atafika pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Sinichoka chifukwa cha nchito. Nchito yathera anthu onse. Nichoka chifukwa cha chitini." N'kupita kwa amayi ake ku Malota.

Apongozi angawo ndi a kum'mawa, anabwera kuno ndi malemu amuna awo amene ankagwira ntchito ku njanji. Zaka zonsezo m'tauni, koma mwambo sanausiye ngakhale pang'ono. Mkamwini sakhala moyang'anana ndi apongozi ake aakazi. Sadya iwo akuona. Salankhula nawo yekha, mawu amadzera mwa munthu wina. Tikakumana pa njira ndinkapatuka, n'kunjuta pambali, n'kuwomba m'manja maso ali pa udzu. Ine ndinabadwira m'tauni momwemuno, kwathu zimenezi sitinkazitsata kwambiri, koma ndinaphunzira, chifukwa mwana wawo ndinkamufuna.

Nthawi imeneyo alendo ambiri ankagona tsidya lija la Zimbabwe, kuno ankangowoloka kudzajambula mathithi n'kubwerera. Koma kunayamba timakampani ta maboti, ndipo mzungu wina wokhala ku Highlands, amene anali ndi boti imodzi yokha, anandilemba. Ntchito yanga inali kutsuka boti, kukweza makileti, kumasula ndi kumanga chingwe, kupereka zakumwa, ndi kulowa m'madzi kukankha boti ikatsakamira pa mchenga. Ntchito yeniyeni, yotulutsa thukuta. Nditagwira mwezi wathunthu ndinatuma amalume anga ku Malota kuti akandipepesere, chifukwa ndiwo anali ankhoswe athu. Amalumewo anapuma ntchito ya ugadi wa sitima. Munthu wa pakamwa, maliro aliwonse a pachibale ndiwo amalankhula.

Anabwerako madzulo, chipewa chili m'manja.

"Mphwanga, ni nkhani yolimba. Ananifunsa ati nchito yake ni yotani. Nati ya pa boti. Ati agwira nsomba? Nati iyai. Ati awolotsa anthu? Nati iyai, atenga azungu kukaona mbalame."

"Manje anati chani?"

"Anaseka. Ati poyamba anali kupita ku fakitale yotseka, manje apita kukaona mbalame. Ati mwana wanga sachoka pano mpaka niione nchito iyo na maso yanga."

Ndinawawidwa mtima, koma ndikaganiza bwino, akanandikhulupirira bwanji? Inenso munthu akanandiuza kale kuti kuli anthu okwera ndege kuchokera kutali kudzayang'ana kakowa, ndikanati wamwa.

Ndiye mwezi wa Okutobala unafika, dzuwa lija loswa mutu, alendo n'kuchepa. Abwana anatiitana n'kunena kuti Loweruka masana aliyense abwere ndi banja lake, tikwere boti ulere. Ine ndinati Mulungu wandiyankha. Pulani yanga inali yosavuta. Apongozi akwere, andione ndikukoka chingwe, ndikunyamula makileti, ndikuthamanga uku ndi uko. Amalume akhale pambali pawo amalize nkhani. Maola awiri ndi okwanira. Pofika pa doko, mkazi wanga azipita ku Maramba osati ku Malota.

Abwana anawonjezera kuti, "Tsiku limenelo palibe yunifomu, inu ndinu alendo." Ndinaganiza kuti ndi nthabwala za azungu. Amalume nawo anati pamaso pa apongozi munthu savala malaya okha, ndiye ndinakagula suti ya salaula, zovala zija zovalidwapo kale za pamsika, yabuluu, ndi tayi. Ndinati palibe kanthu, boti ikanyamuka ndivula jekete n'kuyamba ntchito.

Loweruka linafika. Apongozi anabwera, chitenje chatsopano, duku lomanga bwino, kachikwama atakakumbatira pachifuwa. Mkazi wanga pambuyo pawo, mwana ali kumsana. Anali atanenepa mwanayo, miyezi itatu ndisanamunyamule. Ndinanjuta pambali pa doko n'kuwomba m'manja. Ndiye ndinaona kileti ya zakumwa ili pansi, ndinati nayi ntchito yoyamba. Ndangoigwira chonchi, abwana anatulukira n'kundilanda.

"Ayi, ayi! Lero iwe pumula. Khala pansi."

Chinyanja chawo chinali cha mawu ochepa, koma amenewo anawatchula mokweza kuti aliyense amve. Ndinathamangira ku chingwe. Anandilandanso. Ngakhale woyendetsa boti wathu, bambo wachikulire wa Chilozi amene anaudziwa mtsinjewo ngati khonde la nyumba yake, anamuchotsa pa chiwongolero n'kumukhazika pa benchi ndi botolo m'manja. Lero ayendetsa okha abwana, akazi awo azipereka zakudya. Anthu abwino, ndikunena zoona, anali anthu abwino. Koma ubwino wawo tsiku limenelo unandipweteka.

Tsono boti ija muyenera kuidziwa mmene inalili. Yafulati pansi, denga la tenti, mabenchi awiri aatali, ina mbali iyi ina mbali iyo, oyang'anana. Apongozi anakhala pakati pa benchi ya kumanja. Ndikakhala benchi ya kumanzere, ndiye kuti ndayang'anana nawo. Ndikakhala ya kumanja, ndiye kuti ndakhala nawo mpando umodzi. Ndinaima pakati ngati munthu wotaika pa basi, anzanga ndi akazi awo akundiyang'ana. Pomaliza ndinapita kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi injini, pamene tenti sinafikepo, n'kukhala pa bokosi la mafuta, msana kwa anthu, nkhope ku madzi amene tadutsa kale. Suti yabuluu, tayi, dzuwa la Okutobala, utsi wa petulo.

Boti inanyamuka pang'onopang'ono, kukwera mtsinje. Kumbuyo kumene ndinkayang'anako utsi wa mathithi unkaoneka wochepa, poti madzi anali atatsika. Anthu anayamba kusangalala. "Onani mvuu!" Ine ndikuona thovu la injini. Patapita kanthawi mvuu zija n'kufika kwa ine, zitamira kale, makutu okha. "Onani njovu pa chilumba!" Kwa ine inafika matako. Ulendo wonse unali choncho, chilichonse ndinkachiona anzanga atachimaliza.

Akazi a abwana anabwera ndi mbale ya pulasitiki yolimba, muli masoseji, buledi wopaka, ndi ntchafu ya nkhuku. Ntchafu ya nkhuku! M'mawa sindinadye, mtima unali m'mwamba. Koma apongozi ali pompo, akangotembenuza mutu andiona ndikutafuna. Ndinalandira ndi manja awiri n'kuika pa maondo. Mayi aja anabweranso. "Sukudya? Wadwala?" Ndinati ndidya, madamu. Anabweranso kachitatu ndi mapilitsi a mutu. Ndinalandiranso ndi manja awiri. Ndiye ndinali ndi mbale dzanja ili, mapilitsi dzanja ilo, ntchentche zikudya nkhuku yanga ine ndikuona.

Ndinkangodalira amalume. Anakhaladi pambali pa apongozi monga tinapangana, chipewa pa bondo, anakonza kale kukhosi kawiri. Ndinatchera khutu. Anayamba bwino, za kutentha, za mvula imene ikuchedwa, za malemu apongozi aamuna mmene ankagwirira ntchito limodzi ku njanji. Ndinati eya, akuzungulira kuti afike. Pamenepo ndi pamene abwana anatulutsa magalasi aja oonera patali amene timabwereka alendo, n'kufunsa amene akufuna kuyesa. Amalume anatambasula dzanja.

Basi. Ankhoswe anga anathera pomwepo.

Tinali kudutsa pa gombe lalitali la dothi ndi mchenga, lodzaza timaenje, pamene afulagombe amaswerana. Timbalame tobiriwira tija, tofiira pakhosi, tikulowa n'kutuluka. Ine ndinkatiwona tsiku ndi tsiku, sindinkatiwerengera. Amalume anaimirira.

"Mphwanga! Mphwanga, bwera uone! Tili na manyumba! Laini imodzi monga makwata ya njanji! Aka kabwera na chakudya, kalowa nambala yake, sikasoba iyai!"

Ndinatembenuka pang'ono, n'kuwapatsa diso, n'kuloza ndi chibwano kwa apongozi. Anandikupiza dzanja osachotsa magalasi kumaso.

"Tikamba, tikamba. Nkhani yaikulu siyamba injini ili kulira."

Patsogolo pang'ono abwana anazimitsa injini kuti boti iyandame yokha, anthu amve bata. Kunali zii, madzi okha akunyambita m'mbali. Nkhwazi inalira pa mtengo wouma. Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso. Amalume anabwera kumbuyo monyang'ama n'kundinong'oneza.

"Iwe, leka chifuwa, uzathawitsa nkhwazi."

"Ba malume, injini yazima. Kambani."

"Manje apa? Anthu onse ali chete, ufuna amve nkhani ya m'nyumba mwako? Yembekeza ilire."

Mukuona? Injini ikalira, phokoso. Ikazima, bata. Munthu wa zaka zake, amene wakwirira abale athu onse ndi mawu okoma, wagwidwa ndi mbalame ngati mwana wagwidwa ndi bayisikopo. Ndinayang'ana dzuwa, ola limodzi linali litapita.

Kenaka ndinamva abwana, injini ili chizimire, akulankhula ndi apongozi. Winawake anali atawauza kuti awa ndi apongozi anga. Anawapatsa botolo lozizira ndi manja awo, n'kunena kuti, "Mwana wanu uyu, nchito bwino kwambiri." Apongozi anathokoza mwaulemu. Abwana atachoka, apongozi anauza mkazi wanga, osati monong'ona ayi, mawu oti afike ku bokosi la mafuta:

"Nchito yabwino zoona. Abwana ndiye atipatsa madzi, wanchito ali khale na nkhuku pa maondo."

Anzanga ena anaseka. Ine khutu linatentha kuposa msana.

Patapita kanthawi mkazi wanga anabwera kumbuyo ngati akufuna kugoneka mwana ndi kulira kwa injini, imene inali itayambanso. Anaima pambali panga, osandiyang'ana. Mwana anagwira tayi yanga n'kuiika m'kamwa.

"Muchita chani kuno, atate ake mwana?"

"Nili kulemekeza."

"Muoneka monga munthu amene ticha wamupatsa chilango."

"Uza amalume akambe."

"Ni amalume anu, si anga." Kenaka anati, "Amama akuti ichi ni chitini chinanso. Akuti mwapempha chabe mzungu kuti akukwezeni m'boti, muoneke monga muli pa nchito."

"Manje iwe ukuti chani?"

"Ine nikuti nione." Anachotsa tayi m'kamwa mwa mwana n'kubwerera.

Chitini chinanso. Ndinakhala pamenepo ndikuganiza, kodi ndilakwa chiyani? Pamene ndinalibe ntchito ndinkaoneka ngati ndili nayo. Lero ndili nayo, ndikuoneka ngati ndilibe. Ndinaganiza zoimirira n'kukanena ndekha kwa apongozi, koma ndiye akanati taonani, ulemu womwe alibe. Ndinaganiza zotaya magalasi aja m'madzi. Zoona, ndinaganiza.

Ndipo mkazi wanga anandiuza pambuyo pake kuti amalume anawapatsako apongozi magalasiwo kuti aone kakowa. Anayang'ana kakowa pang'ono, kenaka anawatembenuzira kumbuyo kwa boti n'kuyang'ana ine nthawi yaitali. Atamaliza anati, "Khosi lake lapsa."

Tinafika kumene mtsinje umatambasuka, kumene nthawi ya chilimwe milu ya mchenga imatuluka pakati pa madzi, yoyera mbee, ina yaitali ngati bwalo la mpira. Pa mulu umodzi panali mbalame zija zakuda pamsana, zoyera pamimba, za milomo yofiira, zimene zimauluka mlomo wapansi ukudula madzi. Zimaikira mazira pa mchenga pomwepo. Alendo amazikonda kwambiri. Apa ndi pamene timatembenukira kubwerera, ndipo woyendetsa wathu nthawi zonse amadutsa patali, chifukwa mchenga umene ukuoneka pamwamba ndi wochepa, wambiri uli pansi pa madzi.

Ndinamva amalume. "Abwana, pafupi pang'ono! Pang'ono chabe, nione ngati kali pa mazira!"

Ndinamva woyendetsa, mawu ake otsika aja. "Bwana, kumanzere kulibe madzi."

Ndinamva abwana akuseka, akuti aona, aona.

Ine kumbuyoko ndinaona madzi a injini asintha mtundu, kuchoka obiriwira kukhala ofiirira. Ndisanatsegule pakamwa, boti inalira pansi, khwee, n'kuima. Mabotolo anagubuduka, amayi anakuwa, mbalame zonse zinauluka. Abwana anayesa kubweza m'mbuyo, injini inangotakasa matope. Woyendetsa anaika botolo lake pansi bwinobwino, n'kupita kukawachotsa abwana pa chiwongolero, n'kuzimitsa injini. Kenaka anandiitana. Boti ikatsakamira, wolowa m'madzi woyamba ndine. Ndiyo ntchito yanga.

Masiku onse ndimavula n'kutsala ndi kabudula. Anzanga awiri anali atayamba kale kuvula malaya ndi kupinda mabuluku. Ine dzanja linafika pa batani la jekete n'kuima. Ndivule pamaso pa apongozi? Aone chifuwa changa ndi miyendo? Sizikanatheka. Ndinavula nsapato zokha. Ndinatsika choncho, suti, tayi, masokosi, ndipo mbale ija ndinali nayobe m'manja, sindinakumbuke kuiika pansi. Nkhuku inayandama n'kupita ku mathithi.

Madzi anafika m'chiuno. Ndinazungulira boti ndikupapasa ndi mapazi, ndinapeza kuti yakwera mchenga ndi ngodya ya kutsogolo kumanja. Anthu onse anali ataunjikana komweko kudzaona, kulemera kwawo kukuikhomerera. Apa ndinaiwala kuti ndine mlendo.

"Onse kumbuyo! Kumbuyo, kumbuyo! Ba malume, na imwe, ikani magalasi pansi! Abwana, kumbuyo!"

Abwana anamvera ngati mwana wa sukulu. Onse anasendera. Anatsala munthu mmodzi pa benchi ya kumanja, atakumbatira kachikwama, pamwamba penipeni pa malo amene ndinkafuna kukankha. Ndingawauze bwanji? Ndinayang'ana kumwamba, ku tenti, n'kufuula:

"Amake mwana! Pempha amama asendereko kumbuyo, boti ipepuke!"

"Auze kuti namva," anatero apongozi kwa mkazi wanga, koma anasuntha pang'ono chabe, mwina mikono iwiri, n'kukhalanso. Ankafuna kuona.

Ndinagwada m'madzi mpaka m'khosi n'kuyamba kufukula mchenga pansi pa ngodya ija. Ndi manja unkabwerera. Ndiye ndinagwiritsa mbale. Mbale ya pulasitiki ija inagwira ntchito kuposa fosholo, ndinakumba, kukumba, tayi ikuyandama kutsogolo kwanga. Chapatali mvuu inalira, amayi ena anayamba kupemphera mokweza. Woyendetsa anaima pamwamba ndi mtengo wautali wokankhira, maso ake akuyendayenda pa madzi kuyang'ana ng'ona, ndipo akakhala chete iye ndinkadziwa kuti tili bwino.

Pokankha panabuka vuto lina. Ndikagwira boti ndi manja, nkhope yanga ikhala moyang'ana apongozi, pafupi ngati apa ndi apo. Ndiye ndinatembenuka, n'kutsamira boti ndi msana, mapewa pansi pa chitsulo, zidendene mu mchenga. Ndinauza anzanga awiri aja achite chimodzimodzi. Ndinawerenga, tinakankha. Sinasunthe. Ndinakumbanso. Tinakankhanso, inalira pang'ono. Kachitatu ndinamva msoko wa jekete ukung'ambika kumsana kuyambira m'khosi mpaka pansi, ndipo boti inatsetsereka n'kuyandama. Ine ndinagwa chagada, madzi n'kunditseka kumaso.

Anthu anawomba m'manja, ena nthungululu. Anandikokera m'boti ngati thumba la chimanga lonyowa. Suti ya salaula ija inali itasuluka, malaya anga oyera anasanduka abuluu, manja abuluu, ngakhale khosi. Mchenga m'matumba onse. Ndinabwerera pa bokosi langa la mafuta, msana kwa anthu, madzi akuchucha. Abwana anabwera kudzandigwira paphewa, ofiira nkhope ndi manyazi, osanenanso za kupumula.

Amalume nawo anabwera. Ndinati mwina tsopano akumbuka.

"Mphwanga, wagwira nchito. Koma phokoso yako yathawitsa tonse tumbalame. Sininaone mazira."

Ndinangofinya tayi yanga. Ndikanawayankha, bwenzi chibale chitathera pomwepo.

Ulendo wobwerera unali wofulumira, poti tinkatsika ndi madzi. Ndinkawerenga mitengo ya m'mbali imene ndinkaidziwa, uwu wa nkhwazi, ili gombe la afulagombe, ndipo uliwonse ukadutsa ndinkadziwa kuti nthawi yatha. Amalume anali atatenganso magalasi. Pofika pa doko ndinalumpha ndi chingwe n'kumanga, palibe anandiletsa. Ndinaika thabwa lotsikira, n'kuyamba kutsitsa makileti opanda kanthu, jekete ili pawiri kumsana ngati mapiko. Sindinkachitanso kuti wina aone ayi. Ndinali nditataya mtima, ndinkangofuna manja akhale ndi chochita.

Apongozi atatsika, ndinaika kileti pansi n'kunjuta pambali. Pamenepo, abwana atawalanda magalasi, ndi pamene amalume anadzidzimuka ngati munthu wodzuka sitima itapitirira siteshoni yake. Anavula chipewa, anakonza kukhosi, anathamangira kutsogolo kwa apongozi.

"Amayi, ife tinabwera na mawu..."

"Mawu yanu sungani, ba mbalame," anatero apongozi osaima n'komwe. Anayenda pang'ono n'kuima pafupi ndi pamene ndinanjuta, nkhope atalozetsa kwa mwana wawo.

"Iwe. Suti iyo ikauma na matope, siizachoka. Ine kwanga kulibe waya woyanika zinthu zosuluka, zizanionongera zovala. Pita ukachape kwanu."

Mkazi wanga anafunsa, "Kwathu kuti, amama?"

"Uli na nyumba zingati?"

Ine maso ali pa udzu, ndinayamba kuwomba m'manja, manja abuluu aja. Apongozi sanathe.

"Ndipo umuuze. Chitini uzamupangira, koma madzulo uzimufunsa kumene anadyera. Akakamba pa boti, umununkhize petulo."

Pobwerera m'tauni abwana anatikweza pa lole yawo yaing'ono. Kumbuyo kwa lole anthu amakhala moyang'anana, ndipo apongozi anakana kukhala kutsogolo. Ndiye ine ndinakhala pa chitseko cha kumbuyo, miyendo ili lende panja, nkhope ku fumbi, njira yonse mpaka m'tauni. Fumbi lija linamatirira pa suti yonyowa. Mimba ikulira, chifukwa kuyambira m'mawa chimene chinalowa m'kamwa mwanga ndi madzi a Zambezi okha.

Mkazi wanga anabwera madzulo omwewo ndi mwana ndi mtolo wake wa chitenje. Suti anaichapa katatu, anasoka msana, koma sinavalikenso, inathera kukolopera. Za petulo sanaiwale. Miyezi ingapo ndikafika pakhomo ankandigwira kolala n'kununkhiza, nthawi zina akuseka, nthawi zina ayi. Pano ndili ndi zaka makumi anayi ndi zingapo, mwana uja ndi wamkulu, koma ndikachedwa pang'ono amake amafunsabe kuti ndadyera kuti, ndipo ndimayankha bwinobwino.

Chimene chimandipwetekabe ndi amalume. Mpaka tsiku limene anamwalira ankauza aliyense, pa maliro, pa ukwati, kuti banja la mphwawo analimanga ndi iwo, pa boti, pakati pa Zambezi, ndi nzeru zawo. Ati akanapanda kupempha abwana kuti asendere pafupi ndi mchenga, apongozi akanaona chiyani? Ndipo Lolemba lotsatira ulendo uja ndinawapeza pa doko m'mawa, chipewa chili m'manja. Ndinaganiza kuti abwera kudzapepesa.

"Mphwanga," anatero, "ukambeko na abwana. Ngati kuli malo lero, nifuna nikaone ngati tumbalame tuja tunaswa."